Kulawa n'kwina, kumwa n'kwina

Anzanga, kuno ku Chisepo munthu ukanena kuti "bwerani kunyumba, kuli chakumwa," aliyense amadziwiratu mathero ake: wailesi mokweza, phokoso mpaka tambala woyamba, m'mawa mutu waukulu. Ndiye titatsekera sukulu, nditaitana anzanga asanu ndi atatu kuti adzalawe vinyo, ambiri anangoseka. Wina anachita kundifunsa kuti, "Aphunzitsi, kulawa kokha? Nanga ludzu lathu tibwerere nalo?"

Mayi akunyumba sanaseke. Nkhawa yawo inali pa dzina. Mphunzitsi wakumudzi alibe mpanda. Chimene wachita Loweruka, pofika Lolemba ana a Fomu 1 achidziwa, makolo ndi akumpingo omwe. Tinagwirizana zoti zichitike masana, pakhonde, kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko, ndiponso kuti mabotolo akhale atatu basi. Botolo limodzi ndi mamililita 750. Tinalipo anthu khumi, ndiye kuti aliyense mamililita 75 pa botolo. Aphunzitsi a masamu anawerengera okha n'kupukusa mutu.

Mabotolo awiri anali a Linga, vinyo wa zipatso wopangidwa ku Lilongwe, yemwe banja la a Ngwira linayamba kufulula mu 1978. Wina anali wa jambula, wina wa chidede. Inde, chidede chomwechi timadzala m'mphepete mwa munda n'kumathyola masamba ake ndiwo zikavuta. Lachitatu linali la ku South Africa, la mphesa zotchedwa Pinotage, mtundu umene Abraham Perold anaupeza mu 1925 pokwatitsa mitundu iwiri ya mphesa. Onse ndinawakulunga m'nyuzipepala n'kulembapo 1, 2, 3, chifukwa Amalawife tikangoona dzina lakunja timayamba kuyamikira tisanalawe.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Mumathira pang'ono m'tambula yoonekera mkati, n'kuyang'ana mtundu wake pamwamba pa pepala loyera. Ife tinang'amba la m'kope. Kenako mumazunguza tambulayo kuti fungo lituluke, n'kununkhiza. Apa mpamene pagona nkhani. Lilime limangodziwa kutsekemera, kuwawasa, kuwawa, mchere ndi kukoma kwa msuzi wa nyama. Zina zonse zimene timati kukoma ndi ntchito ya mphuno. N'chifukwa chake ukadwala chimfine ndiwo zonse zimafanana. Mukatero mumapsontha pang'ono, kusunga m'kamwa kanthawi, kenako kumeza. Pakati pa botolo ndi botolo, madzi ndi kachidutswa ka buledi. Mtedza wokazinga tinausungira kumapeto.

Poyamba anthu ankachita manyazi kunena zimene akumva. Anamasula pakamwa ndi mkulu wina wampingo amene salawa n'komwe mowa. Iye anabwera chifukwa cha chinansi, tinam'konzera thobwa, koma anapempha kuti anunkhizeko. Atangofika pa nambala 2 anati, "Achimwene, ichi ndi chidede. Agogo ankaphika ndi nsinjiro." Khonde lonse linaphulika ndi kuseka, ndipo kuyambira pamenepo aliyense anapeza mawu. Wina anati nambala 1 akumanga m'kamwa ngati nthochi yosapsa. Wina anati nambala 3 akumveka utsi wa m'chigafa. Aphunzitsi a sayansi anapezerapo mwayi wotikumbutsa kuti yisiti imadya shuga wa m'chipatso n'kutulutsa mowa ndi mpweya, chimodzimodzi mumtsuko wa masese. Titavula nyuzipepala zija, tinapeza kuti asanu ndi mmodzi mwa asanu ndi anayi amene analawa anasankha chidede.

Mwina mukufunsa kuti zonsezi n'zachiyani kwa munthu wa malipiro a mphunzitsi. Ndili ndi chifukwa. Pa zaka zimene ndagwira choko ndaperekeza kumanda mnzanga wa m'stafu, katswiri wa Chingerezi, amene anatha ndi masacheti. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma kachasu sanasamuke, ndipo kamwedwe kathu sikanasinthe: kugugudiza msanga kuti mavuto aiwalike. Ana athu amaona njira ziwiri zokha, kusalawa konse kapena kugona m'ngalande. Amene samwa ndimawalemekeza, asayambe chifukwa cha ine. Koma amene timamwa, tiphunzire kudekha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo tsiku lija anthu anakhala maola atatu ndi tambula imodzi ndi theka, akucheza za fetereza, za mayeso a MSCE, za ana, n'kupalasa njinga zawo mowongoka dzuwa likadalipo.

China chimene chandikhala pamtima ndi zipatso. Chaka chilichonse mu Disembala mango amaolera pansi kuno, magwafa nawo nyengo yake ikafika timangosiyira mbalame ndi nkhumba. Anthu ena anatenga chidede n'kuchiika m'botolo la mtengo wake. Teremu ikubwerayi ndikufuna kukafunsa ana anga a Fomu 3 funso limodzi: kodi pa zimene zimamera kuseri kwa nyumba yanu, n'chiti chimene mungachisandutse jamu, juwisi kapena zouma zoti munthu wa ku Mponela atulutsire ndalama? Mayankho awo ndidzakuuzani.