Gitala Yocokera ku Citseko

Ana ambiri a m'Lusaka adziwa kupanga banjo ya cigubu. Atenga cigubu ca mafuta, naciboola, nalowetsamo kathabwa, namangapo mawaya atatu kapena anai. Ndipo dzuwa lisanalowe ayamba kuimba pa khonde. Gitala ya magetsi ndi mbale wace wa banjo imeneyo, cinkana ioneka yonyada m'masitolo a pa Cairo Road. Zonse ziwiri ziri ndi thupi, khosi ndi nsambo. Zisiyana apa: banjo imveka cifukwa ca mphako ya cigubu, koma magitala ambiri a magetsi alibe mphako, thupi lao ndi thabwa lokha-lokha, ndipo mau ao ayenda pa waya kunka ku cimkuza-mau. Ine ndinapanga gitala yotere pamodzi ndi amalume anga m'caka ca 2019. Ndifuna kukuuzani m'mene tinagwirira nchitoyo, kuti muone cimene rula ndi masamu zingathe kucita m'manja mwa munthu wodekha.

Ndinakulira ku Kabwata, kumene kuli mseu wochedwa Paul Ngozi Road. Paul Ngozi anabadwa mu 1949, namwalira mu 1989. Iye anatsogolera gulu la Ngozi Family, limodzi mwa magulu amene anachukitsa nyimbo za Zamrock m'zaka za m'ma 1970, monganso WITCH ndi Amanaz a ku Kitwe. M'masiku amenewo mtsogoleri wa dziko, Kenneth Kaunda, amene nayenso anali kuimba gitala, analamula kuti pa nyimbo 100 ziri zonse za pa wailesi, 95 zikhale za m'dziko muno. Atate anga anasunga mbale za nyimbo zimenezo, ndipo ine ndinakula ndiri kulakalaka gitala yolira ngati ya Ngozi. Koma mtengo wa gitala yabwino ya m'sitolo unaposa malipiro anga a uphunzitsi a miyezi ingapo.

Atate atamwalira, amai anasamukira ku Chelstone kwa mlongo wanga, ndipo amene analowa m'nyumba yathu anafuna citseko ca citsulo. Motero citseko cakale cinazulidwa. Cinali ca mlombwa, mtengo umene anthu a kuno aucha mukwa, ndipo atate anacipangitsa ine ndisanabadwe. Ndinapempha amai kuti andipatse. Iwo anakhala cete kanthawi, nati, "Atate ako anatsegula citseko cimeneci tsiku ndi tsiku zaka 40. Ukacidula, cisasanduke nkhuni." Pamenepo ndinadziwa kuti ndasenza katundu wolemera, pakuti citseko cinali cimodzi, ndipo thabwa lodulidwa molakwa silibwereranso.

Amalume, mlongo wao wa amai, ndi mmisiri wa matabwa ku Kabwata komweko. Anagogoda matabwawo ndi cala, nachera khutu, nati, "Mphwanga, mtengo uwu wauma bwino. Wotere sudzaupezanso msanga." Ananena zoona. Mlombwa ukula pang'ono-pang'ono, ndipo papita zaka makumi ambiri usanakwane kuceka matabwa. Ukautema utuluka madzi ofiira ngati mwazi. Ukauma supindika, ndipo ciswe siciukonda. Cifukwa cace akalipentala aufuna. Aufunanso osema a ku Kabwata Cultural Village, mudzi wa amisiri umene unatsegulidwa mu 1974. Ndipo m'nkhalango zathu mitengo ikuru-ikuru iri kutha.

Sindinali woyamba kupanga gitala ndi thabwa la m'nyumba. Ku England, mu 1963, mnyamata wina dzina lace Brian May anayamba kupanga gitala pamodzi ndi atate wace, ndipo khosi analisema ku thabwa lakale la pa malo osonkhapo moto m'nyumba. Atakula anaimba gitala yomweyo m'gulu la Queen m'maiko ambiri. Ku America, Leo Fender wa ku California anali wokonza mawailesi, wosadziwa kuimba gitala. Koma anadziwa kuyesa, ndipo magitala amene anatulutsa mu 1950 ndi mu 1954 anthu awatsanzira kufikira lero. Ife tinatsata miyeso yace.

Tisanagwire maceka tinayamba ndi pepala. Tinaliyala pa tebulo, ndi kulembapo mzera wowongoka pakati, cifukwa zonse ziyesedwa kucokera pa mzera umenewo. Tinajambula thupi, ndi kulilowetsa m'ciuno kuti likhazikike bwino pa nchafu ya woimba, ndi kusiya mpata pamene khosi lilowera kuti dzanja lifike ku mau okwera. Matabwa a citseko anali opyapyala, motero tinamata awiri ndi guluu, ndi kuwapana sabata lathunthu, mpaka thupi linacindikala mamilimita 45. Khosi tinalisema ku mphuthu ya citsekoco.

Nchito yoopsa koposa inali ya mafureti, ndito timipiringidzo ta citsulo topingasa pa khosi. Nsambo itsamira pa malo awiri: pa kamtsamiro ka kumutu, ndi pa mlatho wa pa thupi. Pakati pa malo awiriwo tinayesa mamilimita 648. Munthu akakanikiza nsambo pa fureti aifupikitsa, ndipo nsambo yaifupi ilira mau okwera. Fureti ikaphonya malo ace, ngakhale ndi milimita imodzi, gitala idzaimba mabodza masiku ace onse.

Amalume anati, "Ife pa banjo tinali kuika ndi khutu. Kodi khutu silikwanira?"

Ndinayankha kuti, "Amalume, khutu lanu lidzaweruza pomariza, koma lolani rula iyambe."

Lamulo lace ndi ili. Gawani utali wa nsambo ndi 17.817, ndipo yankho ndilo mtunda wocokera pa kamtsamiro kufika pa fureti yoyamba. Mukagawa 648 ndi 17.817 mupeza 36.4. Cotsani 36.4 pa 648, patsala 611.6, gawaninso ndi 17.817, mupeza 34.3, ndiwo mtunda wocokera pa fureti yoyamba kufika pa yaciwiri. Mukapitiriza motero mipata inka nicepa, ndipo fureti ya 12 igwera pa mamilimita 324, pakati peni-peni pa nsambo. Ndinawerengera mafureti 21 madzulo awiri. Koma amalume sanalole kuti maceka akhudze khosi msanga. Anayamba alemba miyeso yonse pa kathabwa kacabe, namangapo waya, namvetsera malo a fureti iri yonse. Atakhutira anati, "Masamu ako ndi khutu langa zagwirizana. Tsopano tidule." Mutu umodzi susenza denga: ine ndinali ndi manambala, iwo anali ndi dzanja losanjenjemera.

Nsambo 6 zikamangika zikoka khosi ndi mphamvu yonga ya makilogalamu 45, pafupi-fupi kulemera kwa thumba la simenti. Mtengo pa wokha ukhoza kupindika ngati uta. Cifukwa cace tinakumba kangalande m'kati mwa khosi, ndi kugonekamo ndodo ya citsulo yokhala ndi nati ku mapeto. Munthu akazungulitsa natiyo, khosi liwongoka. Kenaka tinalumikiza khosi ku thupi ndi masikuluwu 4, monga anacitira Fender, kuti likaonongeka licotsedwe popanda kuswa thupi.

Tsono panatsala khutu la gitala, limene oimba alicha pickup. Ndi kanthu kakang'ono kokhala pansi pa nsambo. M'kati mwace muli timaginito 6, kamodzi pansi pa nsambo iri yonse, ndipo timaginitoto tizingidwa ndi waya wa mkuwa woonda ngati tsitsi. Mu 1831 Michael Faraday wa ku London anapeza kuti maginito akagwedezeka pafupi ndi waya wokulungidwa, m'wayamo muyenda magetsi. Nsambo ya citsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, igwedeza mphamvu ya maginitowo, ndipo m'waya mubadwa timagetsi tating'ono tonjenjemera molingana ndi nsambo. Cimkuza-mau cilandira timagetsito, nicitikuza, nicitisandutsa mau. Motero gitala sidya magetsi a pa khoma iai, ipanga ace-ace. Cimene cidya magetsi ndi cimkuza-mau cokha. Nsambo za nailoni sizingamveke pa gitala yotere, cifukwa maginito sakoka nailoni.

Waya ndinaupeza kwa wokonza mawailesi wina pafupi ndi City Market. Kamtolo kokwana m'dzanja ndinakagula pa mtengo wowawa, ndipo ndinakumbukira mkuwa wa ku Chingola, ku Mufulira ndi ku Solwezi, umene utuluka m'dziko muno wodzaza malole. Mtengo tiri nao, mkuwa tiri nao. Cofunika ndi amisiri ambiri odziwa kuzisandutsa zipangizo. Waya wa pickup uzungulira maulendo 8,000. Tinamanga pickup pa gudumu la makina osokera a amai, ine ndiri kupukusa, amalume ali kutsogolera waya ndi zala ziwiri kuti usaduke. Mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Giredi 6, ndiye anali kuwerenga. Akafika pa 100 aponya njere ya cimanga m'mbale, nayambanso pa 1. Njere zitakwana 80 tinaleka.

Caka cimeneco mvula inacepa, madzi a m'nyanja ya Kariba anatsika, ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku. Nchito yambiri tinaigwira ndi manja: maceka, puleni, chizulo ndi sandipepala. Tinakomana Loweruka liri lonse kwa miyezi 5. Penti sitinapake, tinangopaka vanishi, ndipo mlombwa unawala ngati uci, mizere yace yonse iri kuoneka. Tsiku loyesa kunalibe magetsi, koma tinalumikiza cimkuza-mau ku batire ya galimoto. Ndinaliza nsambo yosakanikiza, kenaka ndinaikanikiza pa fureti ya 12 ndi kuilizanso. Mau anatuluka amodzi-modzi, ena pansi, ena pamwamba, ngati bambo ndi mwana wace ali kuimba nyimbo imodzi. Ndinayesa nsambo zonse 6, ndipo zonse zinavomera. Amalume anavula cisoti, nati, "Cimkuza-mau sicibisa kanthu, mphwanga. Cikuza nchito yabwino, cikuzanso yoipa. Lero cakuza yabwino."

M'mawa mwace ndinapita nayo ku Chelstone. Kumbuyo kwa gitala tinasiyako dala mabowo awiri m'mene munali misomali ya loko. Amai anaitembenuza, napeza mabowowo, nawasisita ndi cala nthawi yaitali. Sanafunse kanthu, anangoti, "Imba timve." Kuyambira pamenepo ndiimba nayo m'chalichi cathu ku Woodlands, ndipo ikafuna kukonzedwa ndidziwa pogwira, popeza palibe cimene ciri m'kati mwace cimene sindinaciike ndi dzanja langa.

Inunso mukhoza kuyesa lamulo la nsambo lero lomwe. Tengani thabwa, mukhomepo misomali iwiri, mumangepo waya woonda, ndi kuukoka kolimba. Ikani timitengo tiwiri pansi pa waya motalikirana masentimita 60. Lizani waya, ndipo mau amenewo muwache do. Tsono lowetsani kamtengo kacitatu pakati, kuti mbali yolira ikhale masentimita 30, ndipo mudzamva do wa pamwamba. Sunthani kamtengoko kuti palire masentimita 40, mudzamva so. Palire 45, mudzamva fa. Musalumikize waya uli wonse ku magetsi a pa khoma, pakuti magetsi amenewo apha. Mukapeza mau atatuwo, lembani miyeso m'buku lanu, ndipo mufunefune nokha, ndi khutu ndi rula, pamene pali re ndi mi.