Kwa amene atsika mapiri kunka ku koleji

Pamene ana athu a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, amene anaphunzira pa sukulu ya Robert Blake ku Kongwe kapena m'timasukulu ta m'mphepete mwa nkhalango ya Ntchisi, afika ku Zomba kapena ku Bunda m'chaka chawo choyamba, napeza kuti palibe wowafunsa za mfunda wawo, ngati ali a Banda kapena a Phiri, mitima yawo imalefuka, pakuti kali kokha n'kanyama. Koma taonani, chowalimbitsa kawirikawiri ndi timagulu tija tokumana madzulo: SCOM, imene yasonkhanitsa ophunzira m'mapemphero kuyambira 1961, YCS ya Akatolika, makwaya, ndi gulu la zisudzo la Travelling Theatre la pa koleji ya ku Zomba, imene kale inkatchedwa Chancellor College. Ngakhale mlakatuli Jack Mapanje anasulidwa m'kagulu ka alembi kamene kanayamba kukumana pa kolejiyo mu 1970.

Makolo ena amadandaula kuti misonkhano yotere imadya nthawi ya mabuku. Inetu ndikuti, mwana akagwidwa ndi malungo pakati pa usiku, amake ali kutali ku Malomo kapena ku Mvera, omunyamula kunka naye kuchipatala adzakhala anzake akwaya omwewo.