Kwa mwana wanga, za tabuleti ija

Mwana wanga wokondedwa,

Dzulo usiku amayi ako atakulangiza zawo zonse, za kutchalitchi, za anyamata ndi za kudya, ine ndinangoti zii, ndipo mwina unaganiza kuti bambo alibe mawu. Ndinali nawo, koma ndinaona kuti mtima wako unali kale pa basi. N'chifukwa chake kalatayi ndaibisa m'chikwama cha tabuleti yako, kuti uipeze ukafika ku Zomba.

Ukudziwa kuti tabuletiyo ndi soya wathu wa chaka chino. Sindikunena izi kuti uziigwira monjenjemera ayi. Tinagula titaona kuti mabuku a ku yunivesite ndi odula, m'laibulale buku limodzi mudzalimbirana anthu ambiri, komanso aphunzitsi masiku ano amatumiza manotsi pa intaneti. M'kachipangizo kameneko mungalowe mabuku oposa onse amene ine ndawerengapo chibadwire. Pamenepo palibe chokangana.

Mantha anga ali pena. Zaka zonse zimene ndagwira choko, ndaona ana a makope okongola, okopera chilichonse cha pa bolodi osasiyako kadontho, akulephera mayeso. Dzanja linkagwira ntchito, mutu uli kutchuthi. Tsono tabuleti imachotsa ngakhale ntchito ya dzanjayo. Mphunzitsi akadzaza bolodi, iwe ungoimika kamera, kamodzi n'kamodzi zonse zalowa, mtima n'kukhala m'malo ngati waphunzira. Sunaphunzire, mwanawe, wangotuta. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Zimene zili mu tabuleti ndi fodya wapachala.

Usati ndi nkhambakamwa za mphunzitsi wokalamba. Mu 2014 akatswiri awiri a ku America, Pam Mueller ndi Daniel Oppenheimer, anayerekeza ophunzira olemba manotsi pa laputopu ndi olemba pamanja. A pa laputopu analemba mawu ambiri, koma ankangotsatira mphunzitsi liwu ndi liwu. Pa mafunso ofuna kumvetsa, olemba pamanja anawaposa. Chifukwa chake n'chosavuta: dzanja limachedwa, ndiye umakakamizika kusankha chofunika n'kuchinena m'mawu ako. Kusankhako ndiye kuphunzira. N'chifukwa chake tinalimbikira kugula tabuleti yokhala ndi cholembera chake, ngakhale wogulitsa uja ankatikopa ndi ina ya kamera yabwino. Uzilemba nacho. Ngati mfundo yakubwerera m'Chichewa, ilembe m'Chichewa pambali. Palibe adzakuchongere manotsi ako. Bolodi uzijambula pokhapokha pali chithunzi kapena tebulo lovuta kukopera msanga, ndipo ukafuna kujambula mawu a mphunzitsi uyambe wapempha.

Madzulo a tsiku lomwe waphunziralo, usanagone, utsegule zimene walemba. Mjeremani wina, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kale mu 1885 kuti munthu amaiwala kwambiri m'maola oyambirira atangophunzira chinthu, kenako kuiwalako kumachepa liwiro. Choncho mphindi makumi awiri usiku womwewo zimaposa usiku wathunthu wa khofi mayeso atayandikira. Ndipo usamangowerenga. Werenga, tembenuza tabuletiyo chafufumimba patebulo, tenga pepala, lemba zimene ukukumbukira. Zimene zakana kutuluka ndizo sunazidziwe. Njira imeneyi imawawa, imachititsanso manyazi, n'chifukwa chake ambiri amaithawa.

Pepalalo lili ndi ntchito inanso. M'chipinda cha mayeso tabuleti salowa nayo. Mudzakhala iwe, bolopeni ndi maola atatu. Galasi limaterera, pepala limagwira; dzanja lozolowera galasi lokha limatopa tsamba lachitatu lisanathe. Makope awiri amene ndakuikira pansi pa chikwama si okongoletsa.

Za magetsi sindikuuza zachilendo. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ukukumbukira mmene tinakhalira mu mdima namondwe Ana ataononga Kapichira mu 2022. Ukaona magetsi ayaka, tchaja, ngakhale batire ili pakati. Mabuku ndi manotsi uzikopereratu mu tabuletimo pa Wi-Fi ya pasukulu, kuti uziwerenga popanda bandulo. Ndalama imene tizikutumizira ndi ya ndiwo ndi sopo, siingakwanire mavidiyo. Loweruka lililonse uzisunga manotsi ako pa Google Drive. Amapereka malo a 15 GB kwaulere, ndipo kwa zolemba ndi ambiri zedi. Kope likanyowa umaliyanika padzuwa n'kuwerengabe. Tabuleti ikagwa pa simenti, kapena wina akaitola pawindo la hosteli, chaka chonse chapita tsiku limodzi.

Chinanso ndinene mosabisa. Khomo limene mabuku amalowera ndi lomwenso TikTok ndi Facebook amalowera, ndipo anazipanga ndi anthu ochenjera kuposa iwe ndi ine, amene amadya pamene iwe wachedwa pamenepo. Ine ndemwe, ndi imvi zangazi, amayi ako amandilanda foni nsima ikuzizira. Usadzidalire. Zimenezo zisiye pa foni, mu tabuleti usaziikemo n'komwe, ndipo powerenga uzithimitsa intaneti.

Anzako adzabwereka. Kumana si khalidwe la kwathu, ndiye mnzako wosowa ukhale naye pansi muwerengere limodzi, kapena umutumizire manotsiwo. Koma isagone kuchipinda kwa wina, ndipo nambala yachinsinsi ikhale yako wekha.

Lisiti ndasunga kuno, m'chitini cha makalata. Tchaja ili m'sokosi yakuda, m'thumba la m'mbali. Amayi ako akuti nsinjiro uziike pouma. Ukatha mlungu woyamba, unditumizire tsamba limodzi la manotsi ako, lolemba ndi dzanja lako. Ndikufuna ndione ngati "g" wako uja anaongoka.

Ndine bambo ako.