Denga limodzi, makomo awiri

Mwezi wa Okutobala ku Thyolo kumacha msanga. Pofika 5 koloko mpope wa pakampaundi umakhala utazunguliridwa kale ndi zidebe, utsi ukufuka m'makhitchini, ndipo amene ali ndi ntchito kumunda akumanga mapepala a pulasitiki m'chiuno kuti mame ndi timitengo ta tiyi tisawawonongere zovala. Ino nyengo sakhala ambiri. Tiyi amaphuka ndi mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, kotero madengu ambiri ali chipachikire ndipo antchito a nyengo anabwerera kwawo ku Thekerani, ku Goliati ndi ku Masambanjati. Pa esiteti uno ndi mwezi wa amisiri. Milatho, ngalande za m'misewu, madenga, zonse zimafunika zithe mvula isanagwe.

Kampaundi imene ndikunenayi ili kumunsi kwa nkhalango ya bulugama, imene nkhuni zake ndizo zimaumitsa masamba kufakitale. Nyumba zambiri ndi zamalata. Koma kumapeto kwa mzere kwatsala nyumba zingapo zakale, za njerwa zootcha, zofoleredwa ndi matailosi adothi amene anachita kuda ndi ndere. Iliyonse ili ndi makomo awiri ndipo mumagona mabanja awiri, koma denga ndi limodzi. Pa imodzi mwa nyumba zimenezi ndi pamene thirakitala inaima 6 koloko itangodutsa, nkutsitsa matabwa, mchenga, matumba a simenti, makwerero ndi anthu anayi.

Khomo la kumanzere ndi la bambo wogwira ntchito kufakitale. Iwo ndi akazi awo anali atatulutsa kale mabedi, mphasa ndi matumba a chimanga usiku, popeza anauzidwa sabata yatha. Khomo la kumanja ndi la mayi wothyola tiyi, amene amakhala ndi ana atatu komanso amayi awo okalamba. Iwowa uthenga anangoumva madzulo a dzulo kwa mnzawo wa mbali inayo, ali kumpope.

Mmisiri wamkulu anaodira pakhomo pawo atavula chipewa.

"Mwadzuka bwanji, amayi? Timati mutulutseko katundu wa kuchipinda chapakatichi."

"Tadzuka, kaya inu, bambo. Mukukonza konse kodi?"

"Ayi, papepala alemba mbali inoyi yokha."

"Nanga katundu wanga atulukiranji?"

"Khoma lapakatili silinafike kudenga, amayi. Tikayamba kusasula, zonse zigwera kwanu."

Mayiwo anayang'ana dzuwa. Kapitawo akaitana dzina munthu kulibe, tsikulo lapita. Anaitana mwana wawo wamkulu, namuuza kuti lero kusukulu asapite, natenga dengu. Mtsikanayu anayamba kukoka yekha bedi la agogo ake mpaka mayi a kumanzere anabwera kudzagwira mbali ina.

Kusasula kunayambira pamsana pa denga. Mnyamata mmodzi anakhala pamwamba, wina pakati pa makwerero, wachitatu pansi, matailosi nkumatsika dzanja ndi dzanja. Mmisiri wamkulu sanakwere. Anakhala pa njerwa, tailosi lililonse nkumaligogoda ndi msomali waukulu. Lolira bwino, kuti ngwee, amaliika kumanja. Lolira mogonthera, ngakhale maso asaone mng'alu, amaliponya pa mulu wa zakufa. Khutu lake ndilo linali sikelo ya tsikulo, ndipo pofika 9 koloko zinaonekeratu kuti mulu wa zakufawo ukukula kuposa mmene onse amaganizira.

Zimene zinali pansi pa matailosi sizosangalatsa kuziona. Mwaye wa zaka zambiri, zitosi za mileme, zisa za makoswe, zonse zinagumukira m'nyumba, ndipo monga ananenera mmisiri, fumbi lambiri linalowa mbali imene sinalembedwe papepala. Timatabwa topingasa, timene matailosi amakolekapo, tinali titadyedwa ndi chiswe mkati, kunja kokha kukuoneka kwabwino. Mnyamata atapondapo kamodzi kanathyoka osalira nkomwe. Denga la matailosi ndi lolemera: pa mita imodzi mulitali ndi mulifupi pamakhala makilogalamu oposa 40, pamene malata safika ngakhale 5. Ubwino wake ndi woti masana a Okutobala m'nyumba mumazizira, ndipo mvula ikamagwa anthu amamvana polankhula. Koma matabwa apansi akafooka, kulemera komweko kumaweramitsa denga, matailosi amasiyana milomo, madzi nkupeza njira.

Vuto lenileni la tsikuli linaonekera ntchito itafika pamwamba pa khoma lapakati. Amene anafolera nyumbayi kalelo sanaganizepo zoti tsiku lina idzakonzedwa theka. Tailosi lililonse limakolana ndi linzake la pambali ndi la pamwamba, kuchokera kumapeto kuno mpaka kumapeto uko, osalabadira kuti pansipo pakugona yani. Matabwa opingasa aja nawonso amadutsa pamwamba pa khoma osaduka. Thabwa latsopano silingathere m'malere, liyenera kukhomedwa pa phaso, ndipo phaso loyandikira linali mbali ya mayi wothyola tiyi uja. Kuti alifikire, amisiri anayenera kunyamula mizere iwiri ya matailosi a mbali imeneyo. Atanyamula anapeza zomwezo: chiswe chinadya mbali zonse mofanana, ndipo mtanda wa pamsana, umene ndi umodzi wa mabanja onse awiri, unali utapindika chapakati.

Mmisiri anakwera nthawi imeneyo, kwa nthawi yoyamba. Anabaya phaso ndi msomali, msomali nkulowa popanda hamala. Anatsika osanena kanthu, natuma mnyamata kuofesi kuti akaitane a kalaliki oyang'anira nyumba.

Kunja kuno kampaundi inali pa zake. Wanjinga wogulitsa usipa ndi matemba anaima nthawi yaitali kuposa masiku onse chifukwa anthu anali atasonkhana kale. Amayi otchola nandolo m'timinda ta kuseri ankadutsa akuyang'ana kumwamba, aliyense nkumatchulako pamene pamathonya kwake. Ana ochokera kusukulu anathamangira pa mulu wa matailosi osweka kukasankha mbale za masanje, ndipo mayi wina anapempha zidutswa zazikulu zoti azimweramo nkhuku. Mayi a kumanzere anaphika nsima ya mabanja onse awiri pansi pa mtengo wa mapeyala, amisiri nawo nkuitanidwa. Ndiwo zinali kalongonda amene agogo aja anamuphika kuyambira dzulo, akusintha madzi mobwerezabwereza monga Alomwe onse amadziwira kuti nyemba zimenezi sizithamangiridwa.

Agogowa anabadwira pa esiteti, makolo awonso anagwira ntchito pa esiteti, ndipo nkhani ya nyumba yopanda mwini wogonamo si yachilendo kwa iwo. M'zaka za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka zikalata za malo kwa azungu angapo, ndipo dera lalikulu la Cholo, monga ankalembera dzina la boma lino nthawiyo, linagwera m'manja mwa anthu ngati Eugene Sharrer, amene malo ake pambuyo pake anapita ku British Central Africa Company. Alomwe othawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique ankaloledwa kumanga kanyumba ndi kulima kamunda pamalo amenewa, malipiro ake kukhala thangata, kugwira ntchito kwa mwini malo m'malo mwa lendi. Wokana ankathamangitsidwa. Zipolowe za mu Ogasiti 1953 ku Thyolo zinabuka chifukwa cha mkwiyo womwewo, ndipo thangata linathetsedwa mwalamulo mu 1962. Maesiteti amene timawadziwa lero, Satemwa amene anayambitsidwa ndi Maclean Kay mu 1923, Conforzi, Naming'omba, Makandi, Nchima, akugwira ntchito m'nyengo ina, ya malipiro ndi mabungwe a antchito. Komabe chinthu chimodzi chinatsala mmene chinalili: nyumba ya pakampaundi imayendera ntchito. Ntchito ikatha, kiyi amabwezedwa. Ndipo m'boma limene kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 720,000, minda yabwino yambiri ili pansi pa tiyi ndi makademiya, si aliyense amene ali ndi kumudzi kokwanira kobwererako. Nchifukwa chake mayi wothyola tiyi uja sanakweze mawu m'mawa. Munthu sakalipira mwini denga limene akuopa kulitaya.

A kalaliki anafika pa njinga yamoto 1 koloko itadutsa. Si munthu woipa, ndipo ndikuganiza kuti nkulakwa kuwasenzetsa mlandu wonse. Anakwera makwerero, anaona phaso lija, anagwedeza mutu. Kenako anatulutsa buku lawo. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anagumula nyumba ndi kusasula madenga ku Thyolo, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre, mndandanda wa zokonza sunafupikepo, ndipo m'bukumo nyumba zimalembedwa potsata nambala ya khomo. Khomo la kumanzere linadandaula kale, linafika pamzere. La kumanja silinafike. Matabwa amene anatulutsidwa ku sitolo ndi a theka la denga.

"Achimwene, tangowonjezerani mapaso awiri okha," anatero mmisiri. "Tili pano kale, makwerero ali pano. Tikadzabweranso tidzasasulanso zomwezi."

"Ndikumva, madala. Koma sindingasaine zimene sizinavomerezedwe. Ndikalemba, tione."

Atachoka, mmisiri anachita zimene luso lake linamulola. Anadula thabwa limodzi lotsala nkulikhomerera m'mbali mwa phaso lodyedwalo kuti ligwirizize, napaka oilo wakuda wa thirakitala pamatabwa onse atsopano poopseza chiswe. Kenako kufolera kunayamba, kuchokera pansi kukwera kumsana, mzere ndi mzere, chingwe chitakokedwa kuti mizere isakhote. Apa ntchito inathamanga. Anyamata anasiya nthabwala, chifukwa cha kum'mawa, mbali ya phiri la Mulanje, mitambo inali itayamba kuunjikana, ndipo aliyense wobadwira kuno amadziwa kuti chizimalupsa sichipereka chenjezo.

Matailosi abwino anatha kutatsala mizere itatu. Thirakitala inabwerera kukatenga ena amene anasungidwa pa nyumba ina yogwetsedwa kale, koma atafika anapezeka kuti anaumbidwa pa chikombole china: ofupikirapo pang'ono, milomo yake yosakolana bwino ndi akalewo. Mmisiri anawasankhira mizere ya pamwamba penipeni, kumene madzi amakhala ochepa.

Mayi wothyola tiyi anabwerera cha m'ma 3 koloko atayezetsa masamba awo ochepa kusikelo. Analowa m'nyumba, napeza mwaye pakhoma, pa ndowa, pa chithunzi cha malemu amuna awo, ndipo atakweza maso kuchipinda anaona mitambo. Anatuluka, anamanga chitenje mwamphamvu, naima pansi pa makwerero nkuyamba kupatsira matailosi. Palibe anawapempha. Ankadziwa kuti mizere iwiri ya mbali yawo idzabwezedwa pomaliza, ndipo dzanja lililonse lowonjezera linali kufupikitsa nthawi imene chipinda chawo chikhale chosafolera.

Pamalire, pamene mbali yatsopano yowongoka inakumana ndi yakale yoweramira, panatsala mpata wolowa zala zitatu. Mmisiri anayala chidutswa chachitali cha lata pansi pa matailosi kuchokera kumsana mpaka kukhonde, kuti madzi olowa pampatapo atsetsereke kunja, kenako anamata pamwamba ndi simenti. Mayiwo atafunsa ngati pagwire, iye sanawanamize.

"Chaka chino pagwira, amayi. Koma mbali yanuyi ikupitirirabe kutsika, inoyi yaima. Simenti siyenda nawo matabwa, idzang'aluka. Mukaona madontho pakhoma lapakati, musadikire, kauzeni a kalaliki tsiku lomwelo."

Mvula inawaza pang'ono dzuwa likulowa, yongonyowetsa fumbi, amisiri akumata matailosi omaliza a pamsana. Katundu anabwezedwa m'nyumba mothamanga, mabanja onse awiri akuthandizana. Kumanzere anagona pansi pa denga lowongoka. Kumanja mtsikana amene sanapite kusukulu uja anali akukolopabe mwaye pamene thirakitala inkanyamuka itayatsa magetsi.

Ndaonapo anthu akuseka madandaulo a nyumba za pakampaundi, amati munthu wogona ulere asamasankhe. Si ulere. Nyumbayo ndi gawo la malipiro a munthu amene amaweramira tiyi kuyambira m'bandakucha, tiyi yemwe amagulitsidwa ku okushoni ya ku Limbe nkubweretsa ndalama zakunja m'dziko muno. Chiyambire mu 2016 bungwe la eni maesiteti la Tea Association of Malawi ndi bungwe la antchito la Plantation and Agriculture Workers Union amakhala pansi kukambirana za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito, ndipo nkhani ya madenga ndi yoyenera tebulo lomwelo. Pempho langa kwa iwo, ndi kwa mamanijala amene amasaina mabuku a zokonza, ndi laling'ono. Nyumba ya makomo awiri ikafika pamzere, tulutsani matabwa a denga lonse nthawi imodzi, chifukwa kukonza theka nkulipira amisiri kawiri. Ngati ndalama sizikulola, banja la mbali inayo liuzidwe kutatsala sabata monga anzawo, ndipo mayi amene watsala pakhomo kuteteza katundu wake asadulidwe malipiro a tsikulo.