Tinatopa Osadziwa Kuti Tatopa

Ife amene talemba nkhani iyi ndife awiri, mwamuna ndi mkazi wake, a Phiri ndi anaBanda. Tonse tinaphunzira uphunzitsi pa koleji ya ku Chipata, kumene tinadziwanirana, ndipo tinadalitsa ukwati wathu m'caka ca 1998. Tagwirizana kulankhula ndi pakamwa pamodzi cifukwa zimene tidzasimba pano zinatigwera pamodzi, ngakhale kuti kwa zaka zambiri aliyense wa ife anali kuganiza kuti akuvutika yekha.

Nchito tinaiyamba ndi mtima wonse. Atatituma pa sukulu ina ya pulaimale m'komboni ya mu Lusaka, tinali kufika m'mamawa ndithu, mlonda asanatsegule geti. Usiku tinali kudula makatoni ndi kujambulapo zilembo kuti ana aziona pa khoma. Mwana akajomba masiku awiri, mmodzi wa ife anali kupita kwao kukafunsa. Palibe amene anatilamula kutero. Tinali kungoona kuti ndiwo uphunzitsi wake.

M'caka ca 2002 boma la Pulezidenti Levy Mwanawasa linacotsa malipiro a sukulu kuyambira giredi 1 kufikira giredi 7. Tinakondwera, ndipo kufikira lero tikuti cinali cinthu colungama, pakuti ana amene anali kugulitsa nthoci ndi zitumbuwa m'mbali mwa mseu analowa m'kalasi. Koma zipinda ndi aphunzitsi sizinaculuke monga anaculukira ana. Kalasi imene inali ndi ana 45 inafika pa 80, mwina 90, ena atakhala pansi, ena pa zenera. Gulu lina linali kubwera m'mawa, lina masana. Madzulo tinali kuphunzitsanso ana a anthu pa khonde la nyumba kuti tipezeko ya ndiwo, cifukwa panyumba tinali asanu ndi awiri: ifeyo, ana athu awiri, ndi ana atatu a mlongo wao wa a Phiri, amene anamwalira zaka zija matenda a Edzi anali kutenga anthu ngati moto wa m'chire. Kapepala ka malipiro kanali kubwera kodzaza ndi ngongole zodulidwa, ndipo pofika pakati pa mwezi tinali kugogoda kwa a kaloba.

Kutopa kumene tikunena sikunabwere tsiku limodzi. Kunalowa ngati ciswe mu nsanamira: kunja mtengo ulipo, m'kati mwatha. Poyamba tinaleka kudula makatoni aja. Kenaka tinayamba kulemba notsi pa bolodi ndi kukhala pansi, ana akukopera. Makope tinali kucongera mofulumira osawerenga bwino. Mu ofesi ya aphunzitsi tinayamba kuseka anzathu acinyamata amene anali kubwera ndi cangu, tikumati, "Alekeni, adzazizira okha." Sabata madzulo, belu la Lolemba likayandikira, anaBanda mutu unali kuwawawa, ndipo a Phiri anali kukalipira ana pa zinthu zacabe. Ku Misa tinali kupita, koma pa nthawi ya ulaliki maso anali kutsekeka okha. Ku Mphakati tinatumiza mau opepesa kwa miyezi yambiri kufikira analeka kutiitana. Tsiku lina mwana wathu wamkulu anati, "Atate, kodi ifenso tikalembetse tushoni kuti muzilankhula nafe?" Tinam'dzudzula kuti alibe ulemu, koma usiku umenewo palibe wa ife amene anagona.

Cimene cinatitsegula maso cinacitika m'caka ca 2016, ndipo timacilemba ndi manyazi. Mai wina anafika pa khomo la kalasi ya a Phiri atanyamula yunifomu yopinda bwino. Anati wabwera kudzathokoza aphunzitsi, ndi kupempha kuti yunifomuyo apatse mwana wina wosowa, cifukwa mwini wake anaikidwa m'manda Ciwiri. Anachula dzina la mtsikanayo. A Phiri anapepesa monga mwa mwambo, koma m'mutu mwao nkhope ya mwanayo sinabwere. Atatsegula rejisitala anapeza kuti kwa milungu itatu, pamene mwanayo anali gone m'cipatala, iwo anali kum'conga kuti alipo. Anali ataleka kuitana maina kalekale; anali kungodzaza mizere Lacisanu liri lonse. Atafika kunyumba anakhala pa mpando osavula nsapato, nati, "AnaBanda, ine sindinenso mphunzitsi." AnaBanda sanawatonthoze. Anayankha kuti, "A Phiri, inenso m'mawa uli wonse ndimalola minibasi ziwiri zipite ndisanakwere, cifukwa miyendo imakana." Kanali koyamba kuuzana zimenezi patapita zaka 18 za ukwati.

Tinapita kwa Bambo Mfumu a parishi yathu, nkhalamba ya mau ocepa. Tinali kuganiza kuti adzatipatsa novena, kapena kutidzudzula cifukwa ca ulesi, pakuti ifeyo tinali kudziona ngati aulesi ndi ocimwa. Iwo anatimvetsera kufikira tinatha mau, kenaka anatikumbutsa nkhani ya mneneri Eliya ya mu 1 Mafumu 19. Munthu wa Mulungu uja, atagwira nchito yaikulu pa phiri la Karimeli, anathawira m'cipululu, nagona pansi pa kamtengo, napempha imfa. Bambo anatifunsa kuti tione cimene mngelo anacita. Sanam'lalikire, sanam'dzudzule. Anam'patsa mkate ndi madzi, nam'leka agonenso, nam'dyetsanso kaciwiri. Za ulendo ndi za nchito yatsopano zinabwera pambuyo. "Inu a Phiri ndi inu Mai Phiri," anatero Bambo, "mwezi uno musagamule kanthu. Mukapimitse magazi, muleke tushoni, ndipo Sabata makope asalowe m'nyumba." Ku kiliniki anatipeza tonse awiri ndi kuthamanga kwa magazi.

Patapita nthawi tinadzadziwa kuti vutoli liri ndi dzina. Azungu amati burnout, mau ofanizira nyali imene yatha mafuta. Katswiri wa za maganizo, Herbert Freudenberger, analemba za ilo m'caka ca 1974 ataona anthu odzipereka pa kiliniki ya osauka ku New York akuzirala mmodzimmodzi. M'caka ca 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalifotokoza monga vuto locokera ku mtolo wa pa nchito umene wakhalitsa osapeputsidwa, ndipo linachula zizindikiro zitatu: kutha mphamvu, kutalikirana ndi nchito mu mtima kufikira kuinyoza, ndi kuona kuti palibe cimene ukukwanitsa. Zonse zitatu tinali nazo. Cimene cinatikhudza kwambiri ndi cakuti anthu amene Freudenberger anaona sanali aulesi ai, koma aja amene anayamba ndi cangu coposa.

Kupuma kunatibwezera tulo, koma sikunayankhe funso lalikulu. Tinakambirana kwa caka cathunthu. Kusiya nchito ya boma usanakwanitse zaka 55 ndiko kutaya gawo la zimene ukanalandira popuma, ndipo a Phiri anali ndi zaka 44 cabe. Abale atamva anabwera. Malume anati, "Mphwanga, anzako akulira nchito, iwe ufuna kutaya? Walodzedwa kodi?" Sitiwaimba mlandu, pakuti malipiro athu anali kudyetsa makomo oposa limodzi, ndipo m'dziko muno muli aphunzitsi ophunzira bwino amene adikira zaka kuti alembedwe. Ifenso tinali ndi mantha. Koma akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa.

Pa kukambirana kumeneko tinawerengako kalata ya Papa Yohane Paulo Waciwiri ya m'caka ca 1981 yonena za nchito ya munthu, Laborem Exercens. Mfundo imene inatikhalira ndi yakuti ulemu wa nchito umacokera kwa munthu amene akuigwira, kotero nchito iyenera kutumikira munthu, osati kum'dya. Tinadzifunsa: kodi cimene cafa mwa ife ndi cikondi ca kuphunzitsa, kapena cangokwiririka? Mayankho athu anasiyana. AnaBanda anapeza kuti ana amawakondabe. Cimene cinawatha ndi unyinji ndi moyo wa m'tauni. A Phiri anati choko sadzacigwiranso. Motero tinagawana: anaBanda anapempha kusamutsidwira ku sukulu ya kumudzi kufupi ndi Katete, kwao kwa makolo ao, ndipo yankho linatenga zaka ziwiri. A Phiri anatula pansi nchito kumapeto kwa 2017, natsogola kukasamala munda umene a mfumu anatipatsa.

Tisakunamizeni kuti kumudzi tinapeza paradizo. Caka coyamba cimanga cinadyedwa ndi mbozi zija zimene zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016 ndi 2017, ndipo mphunzitsi wa zaka 19 anali kusekedwa ndi anyamata cifukwa ca kagwiridwe ka khasu. Safunsa anadya phula: a Phiri anadzicepetsa, nakhala mwana wa sukulu kwa mai wina wamasiye amene anawaphunzitsa ulimi wa gamphani, kukumba maenje m'cilimwe, kuthiramo manyowa, kusiya mapesi m'munda osatentha, ndi kusinthanitsa cimanga ndi nsawawa ndi soya. Ndalama zinacepa ndi theka. Mwana wathu waciwiri anacedwa caka cimodzi kulowa koleji, ndipo zimenezo zimatipwetekabe. M'cilala ca 2024, cimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti ndi tsoka la dziko mu Febuluwale caka cimeneco, ngakhale maenje athu sanatipulumutse. Tinadya malipiro a anaBanda. Cikhala kuti tonse awiri tinasiya nchito, sitidziwa kuti tikanalowera kuti. Ndico cifukwa cake mnzathu wina wa ku Lusaka atatilembera kuti nayenso afuna kusiya, tinam'yankha monga anatiyankhira Bambo Mfumu: ayambe wagona, apimitse magazi, auze mkazi wake zoona, ndipo awerengere bwino ngongole zake asanalembe kalata. Iye sanasiye. Analeka tushoni, napempha kusintha giredi, ndipo akuphunzitsabe.

Ngakhale anaBanda sanathawe unyinji kotheratu. Maphunziro aulere atafika ku giredi 12 mu Januwale 2022, kalasi yao inakulanso. Koma amayenda pansi mphindi khumi kupita ku sukulu, makolo a ana amapemphera nao chalichi cimodzi, ndipo lamulo lija la Sabata tikulisungabe.

Za a Phiri zinayenda mwa njira imene sitinaiganizire. Tsiku lina mai wa gamphani uja anabwera ndi kapepala kocokera kwa ogula nsawawa, napempha kuti am'werengere, cifukwa anali kukaika ngati makilo amene analembedwa ndiwo amene anapimidwa. A Phiri anawerenga, kenaka anatola kamtengo nayamba kulemba manambala pa dothi. Mlungu wotsatira mai uja anabwera ndi anzake awiri. Lero ali 14, amuna atatu ndi akazi 11, ndipo amakumana Lacinai liri lonse masana m'kachalichi kathu ka udzu. Wamng'ono ali ndi zaka 31, wamkulu sadziwa zaka zake. Amaphunzira kulemba maina ao, kuwerenga sikelo, ndi kuwerenga uthenga wa ndalama pa foni. Munthu amene analumbira kuti choko sadzacigwiranso amacigula yekha ku Katete ndi ndalama za nsawawa. Salandira kanthu, kupatula nkhuku imene ina imabwera pa Khirisimasi.

Ali ndi rejisitala, kope la ana la masamba 32, ndipo amaitana dzina liri lonse mokweza. Lacinai lapitali agogo aNaphiri sanayankhe. Kalasi itatha a Phiri anakwera njinga kupita kumudzi kwao, mtunda wa makilomita anai, mtima uli m'mwamba. Anawapeza ku dimba akuthamangitsa mbuzi zimene zinathyola mpanda. Agogowo anapepesa, napempha kuti nchito ya tsikulo awasiyire pompo. A Phiri anailemba pa cikuto ca kope, nathandiza kumanga mpandawo, nabwerera kunyumba kutada ndi mtolo wa repu pa keliyala.