Madzi Saiwala Khwawa

Ife okhala m'tsinde mwa phiri la Mulanje madzi timawadziwa pawiri. Timawadziwa ngati mdalitso: ndi madzi a Likhubula, Lichenya, Muloza, Thuchila ndi Ruo amene timamwa, timathirira madimba, timasambitsira ana, ndiponso timapangira wudhu tisanaime pamaso pa Allah (Subhaanahu wa Ta'ala). Timawadziwanso ngati chilombo chimene makolo anachitcha Napolo, chotsika m'phiri chitasenza miyala yaikulu ngati nyumba. Mitsinje yake ndi yomweyo. Umene watipatsa madzi a wudhu wa Asr ukhoza kutilanda mwana Fajr isanakwane.

Akuluakulu pakati pathu akukumbukira Marichi wa 1991, pamene madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kusesa Phalombe, nthawi imeneyo Phalombe akadali mbali ya boma la Mulanje. Anthu mazanamazana anapita tsiku limodzi. Mu Januwale 2015 mtsinje wa Ruo unasiya njira yake kumunsi n'kudzitsegulira ina pakati pa midzi ya ku Makhanga. Kenako kunadza namondwe Freddy mu Marichi 2023. Ku Nkhulambe, kuseri kwa phiri lomweli, kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. M'chigawo chonse cha kumwera anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anachoka m'nyumba zawo. Mwezi wa Ramadhan unaoneka patangopita masiku owerengeka. Ambiri a ife tinamanga swaumu m'makalasi a sukulu ndi m'matenti, tikumasulira phala la chithandizo. Chimene chinatiwawa kuposa njala ndi kuswalira Janaza popanda thupi patsogolo pathu. Msilamu amafuna kusambitsa m'bale wake, kumukulunga m'sanda ndi kumugoneka m'manda atayang'ana ku Qibla. Matope anatimana ngakhale ulemu womaliza umenewo.

Choncho tikamva munthu pakhonde la mzikiti, Jumu'a itatha, akunena kuti boma lingomanga madamu akuluakulu kuti mitsinje imeneyi igwidwe pakhosi, sitimuseka. Akuyankhula ndi mtima wa munthu amene anakumba matope ndi manja kufunafuna mayi ake. Chipembedzo chathunso sichitiphunzitsa kupinda manja. Mneneri Nuh (Alaihi Salaam) anakhoma chombo chigumula chisanafike, ndipo Mneneri Yusuf (Alaihi Salaam) anadzaza nkhokwe njala isanagwe. Kuyedzamira mwa Allah kumayendera limodzi ndi kukonzekera. Ndipo maganizo omanga damu pa Ruo, makamaka pa mathithi a Zoa, akhala akumveka kwa zaka zambiri. Koma chisoni chikachuluka, munthu amalandira mankhwala aliwonse osafunsa kuti awawa pati. Ife tikufuna tifunse.

Poyamba tione mmene damu loteteza ku madzi osefukira limagwirira ntchito. Lili ngati mtsuko woikidwa pansi pa denga lodontha: limathandiza pokhapokha likakhala lopanda kanthu pamene mvula ikuyamba. Madzi akachuluka limawasunga, kenako n'kumawatulutsa pang'onopang'ono mtsinje utaphwa. Vuto ndi lakuti damu lalikulu limadya ndalama zambiri, ndiye olimanga amafuna kuti lizipanganso magetsi ndi kuthirira minda kuti ngongole ibwezedwe. Wamagetsi ndi wamthirira amafuna damu lodzaza. Wokhala kumunsi kwa mtsinje amafuna damu lopanda madzi. Zofuna ziwirizi zimakokana chaka chilichonse, ndipo namondwe akafika mu Marichi, kumapeto kwa dzinja, amapeza mtsuko uli kale pakamwa. Pamenepo woyang'anira damu alibe chochita koma kutsegula zitseko zonse, madzi n'kupita kwa anthu omwe aja amene analonjezedwa chitetezo.

Chachiwiri ndi chakuti chimene chimatipha kuno si madzi okha. Kuchigwa cha Shire madzi amakwera m'nyumba pang'onopang'ono. Kuno nthaka ya m'phiri imakhuta mvula, n'kugumuka yonse pamodzi ndi mitengo ndi matanthwe, ndipo imatsikira m'makwawa ang'onoang'ono amene m'chilimwe mwana amawalumpha. Makwawa otere alipo ochuluka kuzungulira phiri lonse. Damu lomangidwa pa Zoa likanathandiza ena kumunsi, koma silikanapulumutsa nyumba imodzi kwa Njema kapena ku Nkhulambe, chifukwa Napolo amapha asanafike kumtsinje waukulu. Komanso mchenga, miyala ndi zitsa zimene mitsinje yathu imanyamula zikafika m'damu zimakhazikika pansi. Chaka ndi chaka mtsuko uja umachepa mimba, ngakhale kuti kunja ukuoneka chimodzimodzi.

Khoma lomangidwa ndi munthu lilinso ndi malire. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mbali ya damu la Kapichira pa Shire, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130, ndipo tinakhala mumdima wa kuzimazima kwa nthawi yoposa chaka. Kapichira ndi damu la magetsi, koma phunziro lake ndi la damu lililonse. Chaka cha Freddy chomwecho, mu Seputembala 2023, abale athu a mumzinda wa Derna ku Libya anaona zoopsa kuposa pamenepo. Kumtunda kwa mzindawo kunali madamu awiri omangidwa m'zaka za m'ma 1970 ndi cholinga chomwechi choteteza anthu ku madzi osefukira. Anthu anamanga nyumba m'mbali mwa khwawa podalira makomawo, koma makomawo sanasamalidwe. Namondwe Daniel atafika, onse awiri anagumuka usiku umodzi, ndipo anthu oposa 4,000 anatsimikizika kuti afa, ena masauzande osapezeka. Damu losasamalidwa limasonkhanitsa zigumula zing'onozing'ono zambiri n'kuzibweza tsiku limodzi.

Tiyerekeze kuti damu lamangidwa bwino ndipo likusamalidwa. Funso likutsalabe: kodi kusefukira konse ndi tsoka? Mlimi wa kudimba ayankha kuti ayi. Mtsinje ukadzaza mwa chizolowezi chake, umayala matope achonde m'madambo, ndipo ukabwerera m'njira yake umasiya chinyezi chimene timabzalapo chimanga, mbatata, nyemba ndi masamba popanda feteleza. Milamba ndi matemba zimakwera ndi madzi oyamba kukaswana m'maudzu omizidwa. Ruo akadzaza amakankha madzi a Shire pa Chiromo, n'kuwabweza m'dambo lalikulu la Elephant Marsh, mmene asodzi, ng'ombe ndi mbalame zimapezamo moyo. Kumpoto kwa phiri, mitsinje ya Phalombe ndi Sombani imathira m'nyanja ya Chilwa, nyanja yosaya imene inaphwa mu 1995 ndipo yakhala ikuopsezanso kuphwa m'zaka zapitazi. Aliyense wotseka mitsinje imeneyi akugwira mphika wa msodzi wa ku Chisi ndi ku Kachulu, amene ambiri mwa iwo timaswali nawo mzere umodzi.

Sitikulota zimenezi. Anansi athu a ku Mozambique anaziona. Damu la Cahora Bassa ku Tete litatsekedwa mu 1974, kusefukira kwa chaka ndi chaka kwa mtsinje wa Zambezi kunatha mphamvu. Madambo a kumathero kwa mtsinjewo anayamba kuuma, nsomba zinachepa, ndipo alimi amene ankatsata madzi akamaphwa anasokonezeka, chifukwa tsopano madzi ankabwera pa nthawi imene magetsi afuna, osati pa nthawi ya mvula. Matope achonde anatsalira m'damu. Madzi otuluka m'damu, pokhala opanda katundu, amadya magombe kuti apeze chonyamula. Anthu ataona kuti mtsinje wafatsa anasendeza nyumba zawo kufupi nawo, ndipo mu 2001, zitseko za damu zitatsegulidwa chifukwa cha mvula yambiri, madzi anawapeza pomwepo. Akulu anati madzi saiwala khwawa.

Nanga kumtunda kwa khoma? Damu limamiza malo, ndipo limasankha malo abwino, a m'chigwa, a nthaka yakuda. Pomanga Kariba m'zaka za m'ma 1950, Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha makolo awo kupita kumtunda kouma, ndipo zidzukulu zawo zikudandaulabe. Kuno ku Mulanje malo ndi ochepa kale. Gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi, ndipo mabanja ambiri amalima kamunda kosakwana ekala. Wosamutsidwa apita kuti, ngati si kukwera m'phiri kukatema nkhalango yotsalayo? Ndipo pali zina zimene chipukutamisozi sichigula. Nyumba imamangidwanso, mzikiti umamangidwanso, koma manda a makolo athu, amene timawayendera ndi kuwapangira dua, akamira amira. Madzi odikha amaitananso udzudzu wa malungo ndi nkhono za likodzo, ndipo oyamba kudwala ndi ana osambira ndi amayi ochapa. Walira mvula walira matope.

Qur'an yolemekezeka inatisungira nkhani ya damu. Mu Surat Saba muli mbiri ya anthu a ku Yemen amene anali ndi minda iwiri yobiriwira, kumanja ndi kumanzere kwa chigwa chawo. Atatembenukira kumbali n'kusiya kuyamika, chigumula chinawadzera, ndipo minda yawo inasanduka tchire la zipatso zowawa. Akatswiri a Tafsir amati chimenechi chinali kugumuka kwa damu la Ma'rib, limene linaima zaka zoposa 1,000 lisanagwe komaliza m'zaka za m'ma 500, ndipo mabwinja ake alipo mpaka lero. Tikaisinkhasinkha nkhaniyi timaona kuti anthu aja sanadzudzulidwe chifukwa chomanga damu. Damu linali chisomo. Anadzudzulidwa chifukwa chosayamika, ndipo kuyamika chisomo sikuthera pa lilime: ndi kuchisamala ndi kuchigwiritsa ntchito mwa chilungamo. Surat Ar-Rahman nayo imatikumbutsa kuti Mlengi anaika mlingo m'chilengedwe chake ndipo anatiletsa kuupyola. Mtsinje uli ndi mlingo wake: nthawi yodzaza ndi nthawi yophwa, chimene umatenga ndi chimene umabweza. Munthu ndi khalifa, wosungitsidwa chabe. Akhoza kukonza, koma adzafunsidwa.

Pali damu limene Allah anatimangira kale, ndipo ndi limene likugumuka tikuona. Nkhalango ya m'phiri imalandira mvula ndi masamba, mizu n'kuimwetsa pansi, akasupe n'kumaitulutsa pang'onopang'ono mpaka Okutobala. Ntchito yomwe ija ya mtsuko, koma yopanda zitseko ndi ngongole. Phiri la Mulanje linakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, koma lero mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse padziko, watsala pang'ono kutheratu chifukwa cha macheka ndi moto. M'mapiri a m'munsi makala amaliza zotsala. N'zoona kuti mvula ngati ya Freddy ikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo, koma nthaka yovula imagumuka msanga ndiponso ndi mvula yochepa. Pamene ntchito yotenga madzi a Likhubula kupita nawo ku Blantyre inkayamba, anthu a kuno anaumirira kuti mitengo ibzalidwe kaye. Anali atagwira mfundo yeniyeni: paipi ndi khoma zimangogawa madzi amene nkhalango yasunga.

Shariya inadziwa zimenezi kalekale. Mtumiki Muhammad (Swalla Allahu alaihi wasallam) anapatula malo otetezedwa, otchedwa hima, kufupi ndi Madina, ndipo ma Ulama a Fiqh anakhazikitsa harim, mpata wosiyidwa mozungulira chitsime ndi m'mbali mwa mtsinje kuti madzi asaonongeke. Tinaphunzitsidwanso kuti mtengo umene Msilamu wabzala, chilichonse chodyapo, munthu kaya mbalame, chimamulembetsa sadaka. Mzikiti uliwonse uli ndi anthu, uli ndi madrasa odzaza ana, ndipo uli ndi khutba sabata iliyonse. Jamaa imodzi itatenga khwawa limodzi, n'kubzala nsungwi, mikuyu ndi vetiva m'mbali mwake, n'kugwirizana ndi mfumu kuti khasu lisafike pagombe, imeneyo ingakhale harim ya masiku ano.

Sitikukana damu lililonse. Ku Bondo, pa Lichenya, makina aang'ono amapatutsa madzi pang'ono, n'kupanga magetsi a midzi, madziwo n'kubwerera mumtsinje popanda kumiza munda wa munthu. Timadamu ting'onoting'ono ta m'makwawa, migula ya m'minda, milambala yoteteza midzi ya kuchigwa, uthenga wa zanyengo wofika msanga pa wailesi ndi pa foni, ndiponso malo abwino osamukirako mabanja okhala m'njira ya Napolo, zonsezi pamodzi zikhoza kupulumutsa anthu ambiri kuposa khoma limodzi lalitali. Ndipo likadzabwera damu lalikulu, tidzalilandire ndi shura, osati ndi nthungululu zokha. Tidzafunse: lidzakhala lopanda madzi mwezi uti, ndipo adzalamula zimenezo ndani? Lidzamiza midzi iti ndi manda ati? Mchenga ukadzadzaza adzachotsa ndani, ndi ndalama za ndani, zaka 30 zikubwerazo? Msodzi wa ku Chiromo ndi mlimi wa tsidya la Mozambique, amene Ruo ndi wawonso, afunsidwa?

Amene tinawataya mu 1991 ndi mu 2023 sitingawabweze. Chimene tingawachitire, kuwonjezera pa dua, ndi kukana kuti imfa yawo ikhale chifukwa chosamutsira tsoka kwa anthu ena kumunsi kwa mtsinje kapena kwa ana amene sanabadwe. Allah awakhululukire, awapatse malo abwino, ndipo ife otsala atipatse nzeru zosunga chimene anatisungitsa. Iye ndiye Wodziwa koposa.