Nyanja Yaikulu ya ku Zalala

Mongue ali m'boma la Milange, m'cigawo ca Zambézia, pafupi ndi malire a Malawi. Ku Mongue kuli mapiri, madambo ndi minda. Anthu amalima cimanga, nandolo ndi cinangwa. Madzi amene ana amawadziwa ndi a pacitsime, a kumtsinje ndi a mvula.

Kum'mawa kwa cigawo comweco kuli madzi ena. Ndi nyanja yaikulu ya mcere, Nyanja ya Indiya. Gombe lake m'dziko la Mozambiki ndi lalitali makilomita oposa 2000. Ana ambiri a ku Mongue sanaione nyanja imeneyi. Akuluakulu ambiri sanaionenso. Nkhani iyi ndi ya anthu awiri amene anaiona: agogo ndi mdzukulu wawo.

Cifukwa ca ulendo

Mdzukuluyo anali mtsikana wa zaka 7, wa m'kalasi yoyamba. Agogo ake anali okalamba. Maso awo anali atayamba kufooka.

Agogo ali acitsikana kunali nkhondo. Misewu inali yoopsa. Anthu ambiri a ku Milange anathawira ku Malawi, ndipo agogo anathawa nawo. Mtendere unabwera pa 4 Okutobala 1992. Anthu anabwerera kwawo. Agogo anabwerera, nalima minda, nalera ana. Nthawi yoyenda panalibe. Ndalama za ulendo panalibenso.

Mwana wawo wamwamuna amakhala ku Quelimane, mzinda waukulu wa cigawo ca Zambézia. Tsiku lina anaimba foni.

— Amayi, bwerani mudzaone nyanja maso akadali kuona. Mubwere ndi kamtsikanako.

Agogo anagulitsa nandolo. Anamanga ndalama pansalu, nadikira kuti sukulu itsekere.

Panjira

Ananyamuka tambala woyamba atalira. Anafika ku Milange, munsi mwa phiri la Tumbine. Kumeneko anakwera basi ya ku Mocuba. Mocuba ali m'mbali mwa mtsinje wa Licungo. Madzi a mtsinjewu amacokera kumapiri a Gurué, ndipo amathera m'nyanja yaikulu.

Basi inapitirira. Mapiri anatsala kumbuyo. Dziko linakhala lacidikha, lopanda citunda. Ku Nicoadala amayi anali kugulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu. Kenaka kunaoneka minda ya mpunga ndi mitengo yaitali ya koko. Kucokera ku Milange kufika ku Quelimane ndi makilomita oposa 300. Anafika dzuwa litapendeka.

Mzinda wa njinga

Amalume anawacingamira ndi njinga. Anabweranso ndi mnzawo wa njinga ina. Agogo anakwera pa imodzi, mtsikana pa inayo.

— Amalume, njinga zonsezi zikupita kuti?

— Zikunyamula anthu, mwanawe. Kuno njinga ndiyo takisi. Nchito yanga ndi imeneyi.

Mzinda wa Quelimane ulibe mapiri, motero njinga imayenda mosavuta. Ku Malawi nchito yotereyi amaicha kabaza. Eni mzindawu amaucha Chuabo. Amalankhula Cichuwabo ndi Cipwitikizi.

M'mawa mwake amalume anawaonetsa mzinda. Anayamba ndi mtsinje waukulu umene umadutsa m'mbali mwake. Dzina lake ndi Bons Sinais. M'Cinyanja tingati Zizindikiro Zabwino. Dzinali anapatsa ndi Vasco da Gama, woyenda panyanja wa ku Portugal, amene anafika kumeneku m'caka ca 1498. Pamtsinjepo pali doko. Padoko pamakoceza ngalawa za katundu ndi za asodzi.

Pafupi ndi mtsinje pali chalichi cakale kwambiri. Cinamangidwa zaka zoposa 200 zapitazo. Mtsikana anaika dzanja pakhoma lake.

— Agogo, kodi chalichi ici ndi cacikulu kuposa inu?

— Ndi cacikulu kuposa agogo a agogo anga, mdzukulu wanga.

Pa 21 Ogasiti caka ciliconse anthu amakondwerera tsiku la mzindawu, pakuti pa tsiku limenelo m'caka ca 1942 Quelimane anakhala mzinda. Kumayambiriro kwa caka kumakhala cikondwerero ca karnavali. Anthu amavala zovala zamitundumitundu, navina m'misewu.

Njira ya ku Zalala

Mzinda wa Quelimane uli pamtsinje, suli panyanja penipeni. Wofuna nyanja amapita ku Zalala, pafupifupi makilomita 30 kucokera mumzinda. Kumeneko ndi kumene anthu amakapuma pa Sabata ndi pa masiku a chuthi. Caka ciliconse kumacitikanso cikondwerero ca nyimbo ndi magule pamcenga.

Anakwera galimoto kusanace. Panjira anaona mitengo ya koko kumanja ndi kumanzere. Anaonanso mitengo ina yopanda mutu, itangoima ngati mizati.

— Amalume, ndani anadula mitengo imeneyi?

— Sanadule munthu. Ndi matenda. Masamba amasanduka acikasu, amagwa, mtengo n'kufa. Matendawa anapha mitengo yambiri kuno. Tsopano anthu akubzala ina.

Dzuwa lituluka m'madzi

Atatsika galimoto anamva phokoso. Linali ngati mvula yamphamvu ikamabwera kucokera kuphiri. Koma kumwamba kunalibe mtambo. Anadutsa pansi pa mitengo ya kazuwarina, ya masamba ang'onoang'ono ngati singano. Kutsogolo kwawo kunali mcenga. Kutsogolo kwa mcenga kunali madzi. Tsidya lina silinaoneke.

Ku Mongue dzuwa limatuluka kuseri kwa mitengo ndi zitunda. Ku Zalala limatuluka m'madzi. Linayamba lofiira ngati khala la moto. Kenaka madzi onse anawala.

Agogo anakhala cete nthawi yaitali. Anapukuta maso ndi nsalu.

— Agogo, mukuona?

— Ndikuona, mdzukulu wanga. Cinthu cacikulu cotere, ngakhale maso anga akuciona.

Mtsikana anaviika cala m'madzi, nalawa. Analavula msanga. Madzi anali amcere kuposa ndiwo zolowa mcere wambiri. Madzi a m'nyanjayi samwa. Munthu akawamwa ludzu limakula.

Zoona ndi zocita

Asodzi anali kukoka khoka. Ena anagwira cingwe kuno, ena uko. Anali kuimba pokoka. Khoka litafika pamtunda munali nsomba, nkhanu ndi kamarau. Kamarau ndi tizilombo ta m'madzi ta ndevu zazitali, tokoma kwambiri. Amayi anabwera ndi mabeseni kudzagula. Kutali pamadzi kunali mabwato a matanga, oyenda ndi mphepo.

Anyamata anali kumenya mpira pamcenga wonyowa. Mcenga wonyowa ndi wolimba ngati bwalo la sukulu. Mtsikana anamanga nyumba ya mcenga, naikongoletsa ndi zigoba. Analemba dzina lake ndi kamtengo. Anathamangitsa nkhanu zazing'ono, koma zonse zinathawira m'maenje.

Dzuwa litakwera kunatentha. Amalume anagula koko wamuwisi, amene kumeneko amamucha lanyu. Wogulitsa anadula pamwamba ndi cikwanje. Mkati munali madzi ozizira, otsekemera pang'ono. Atatha kumwa anadya mnofu wake wofewa.

Masana anadya mukapata. Mukapata ndi mpunga wophika pamodzi ndi mphodza ndi mkaka wa koko. Ndiwo yake inali nkhuku yooca pamakala, yopakidwa mkaka wa koko. Nkhuku yophika motere imadziwika m'dziko lonse la Mozambiki ndi dzina la cigawo ca Zambézia.

Nyanja icoka

Ali mkati mwa kudya, agogo anayang'ana kunyanja. Anaimirira ndi mantha. Madzi anali atapita kutali. Pamene m'mawa panali mafunde, tsopano panali mcenga wokhawokha. Mabwato ena anali atagona pouma.

— Mayo ine! Nyanja ikuuma! Asodzi awa adzadya ciani?

Agogo anali ndi cifukwa coopera. Kumpoto kwa Milange kuli Nyanja ya Chilwa. M'caka ca 1995 mvula inacepa, ndipo nyanjayo inauma. Nsomba zinasowa. Mabanja a asodzi anavutika. Agogo anakumbukira zimenezo.

Mtsikana sanaope. Anaona zigoba zambiri zikuwala kutali pamcenga. Anasiya mbale, nathamanga yekha kulondola madzi.

Pafupi panali msodzi wokalamba akusoka ukonde. Anafuula m'Cichuwabo. Amalume anamva, nathamanga, nabweza mwana. Kenaka onse atatu anakhala pansi pafupi ndi msodziyo. Amalume anali kumasulira.

— Amayi, musaope. Nyanja iyi siuma. Imapita, imabwera. Imatenga maola 6 kupita, maola 6 kubwera. Imatero kawiri pa tsiku, usana ndi usiku.

— Nanga cimaikoka n'ciani, bambo?

— Mwezi ndiwo umakoka madzi. Mwezi ukakhala wathunthu, kapena ukakhala mumdima, madzi amapita kutali kwambiri. Amabweranso patali kwambiri.

Msodzi anatenga ndodo. Anayenda ndi mtsikana ndi amalume mpaka pamcenga wonyowa, nazika ndodoyo.

— Iwe mwana, yang'anira ndodo iyi. Ukhale pamthunzi ndi agogo ako.

Mtsikana anayang'anira. Poyamba sipanacitike kanthu. Patapita nthawi madzi anatembenuka. Anafika patsinde pa ndodo. Anakwera mpaka pakati. Dzuwa lisanalowe ndodo yonse inamira. Nyumba ya mcenga inapita. Dzina lolembedwa pamcenga linapitanso.

— Pamene unafuna kukatola zigoba ndi patsogolo pa ndodo ija — anatero msodzi. — Gombe lathu ndi lacidikha. Madzi akamabwera amadzaza maenje a kumbuyo kwako iwe usanazindikire. Mwana amene ali yekha amatsekeredwa njira.

Mtsikana anagwira dzanja la agogo mwamphamvu.

Malamulo a panyanja

Msodzi anawapatsa malamulo asanu. Amalume anawanena m'Cinyanja, ndipo mtsikana anawerenga ndi zala.

Loyamba: mwana asalowe m'madzi popanda munthu wamkulu.

Laciwiri: funsani eni malo ngati madzi akupita kapena akubwera.

Lacitatu: wosadziwa kusambira asapitirire madzi a m'maondo.

Lacinayi: dzuwa likakwera khalani pamthunzi, valani cipewa, imwani madzi abwino.

Lacisanu: musataye mabotolo ndi mapulasitiki pamcenga. Nyanja imawatenga, ndipo amapha nsomba ndi akamba a m'madzi.

Msodzi ananenanso za mphepo. M'nyengo ya mvula nyanja nthawi zina imatumiza namondwe. M'mwezi wa Malici caka ca 2023 namondwe Freddy anaomba Quelimane, nasasula nyumba zambiri. Mvula yake inafika ku Milange ndi ku Malawi. Agogo anavomera ndi mutu, pakuti mvula imeneyo inakokolola minda kwawonso. Wailesi ikacenjeza za namondwe, asodzi amakokera mabwato kumtunda, ndipo alendo safika kugombe.

Mlendo ndi eni malo

Kwa mlendo, Zalala ndi malo osewera ndi opumira. Kwa msodzi, nyanja ndi munda. Amaidziwa monga agogo amadziwira munda wawo wa ku Mongue. Agogo amadziwa mtambo wa mvula. Msodzi amadziwa nthawi ya madzi. Mlendo wofika kugombe amaona mcenga ndi mafunde okha. Akafunsa eni malo amaona zambiri, ndipo amabwerera kwawo ali bwino. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Agogo anathokoza msodzi poomba m'manja. Anamasula nsalu, namupatsa mtedza wa kumudzi. Msodzi anawapatsa nsomba ziwiri zouma. Cilankhulo cawo cinali cosiyana, koma anamvana.

Ulendo wotere umafuna ndalama, ndipo si banja lililonse lingaukwanitse caka cino. Agogo anadikira zaka zambiri. Mwana amene akuwerenga nkhaniyi angadzafike ku Zalala ali wamng'ono kapena atakula. Akadzafika adzakhala akudziwa kale kuti madzi akapita amabweranso.

Mcere wa m'botolo

Mtsikana anatunga madzi a m'nyanja m'botolo laling'ono. Sukulu itatsegulidwa anapita nalo kwa aphunzitsi. Aphunzitsi anathira madziwo m'mbale, naika mbale padzuwa. Patapita masiku ocepa madzi anauma. M'mbale munatsala timiyala toyera. Ana anayang'ana mmodzimmodzi. Unali mcere.

Mafunso

1. Kodi agogo ndi mdzukulu anadutsa malo ati popita ku Quelimane?
2. Kodi amalume amagwira nchito yanji?
3. Chulani zinthu zitatu zimene mtsikana anaona ku Zalala.
4. N'cifukwa ciani agogo anacita mantha?
5. Kodi ndodo ya msodzi inaphunzitsa ciani?

Zocita kunyumba

Sungunulani mcere m'madzi pang'ono. Thirani m'mbale, muike padzuwa. Yang'anani tsiku ndi tsiku. Makolo, funsani mwana kuti anene malamulo asanu aja. Kenaka kambiranani: ndi malamulo ati amene ayenera kusungidwanso kumtsinje wa kwanu nthawi ya mvula?